Mwasintha ma pot kapena preamp ya besi, koma yangoti zii kapena ikung'ung'udza

Gitala ya besi ikafika patebulo langa chivundikiro chakumbuyo chili chomasula, mawaya ali balalabalala, nkhani yake ndimaidziwa mwiniwake asanatsegule pakamwa. Ma pot akale, tizipangizo tija timene ma knob amapotokola, ankathetheka, kapena munthu anafuna mawu onenepa, ndiye anagula zatsopano n'kuchezera usiku wonse akuwotcherera. Kutacha walumikiza ku ampulifaya: zii. Kapena mawu alipo, koma pansi pake pali kung'ung'udza kosalekeza. Choyamba kutuluka m'kamwa mwake n'chakuti anamugulitsa katundu wakufa. Pa mabesi amene ndawatsegula, n'kamodzikamodzi pamene ndinapeza kuti chipangizo chatsopanocho chinalidi chakufa. Kawirikawiri mlandu umakhala pa jack (polowetsa kebulo), pa waya wa ground, kapena pa kadontho kamodzi ka solder (chitsulo chosungunuka cholumikizira mawaya) kamene sikanagwire.

Mawu a besi ali ndi njira imodzi yokha. Amabadwira mu pickup (kachipangizo ka maginito ka pansi pa nsambo), n'kudutsa pa pot ya volume kapena ya blend (yosakaniza mawu a ma pickup awiri), n'kulowa mu preamp (kachipangizo ka batire kokweza ndi kukonza mawu) ngati ilipo, n'kutulukira pa jack. Aliyense mwa mawaya amenewa ali ndi mnzake wobwerera, amene timamutcha ground, amisiri ena amati earth. Ntchito yanu ndi kuilondola njirayo ngati mlenje wotsata mapazi, osati kumasula zonse n'kuyambiranso. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Mukasintha zitatu nthawi imodzi besi n'kulira, simudziwa chimene chinali cholakwika, ndipo chikadzabweranso mudzayambira pomwepo.

Musanakhudze chitsulo chowotcherera, lumikizani gitala ina pa kebulo yomweyo ndi ampulifaya yomweyo. Ndinatayapo madzulo athunthu ndikufufuza m'mimba mwa besi yabwinobwino, pomwe kebulo ndiyo inali itaduka mkati mwa pulagi. Ndipo pezani multimeter, mita yoyezera zamagetsi, ngakhale yotsika. Popanda iyo mukungolosera.

Ikangoti zii

Kwezani ma volume onse, tsitsani ampulifaya pang'ono, ndipo gogodani maginito a pickup ndi nsonga ya sikuludiraiva. Mukamva "thu thu" mu sipika, njira ndi yotsegula ndipo vuto lanu ndi la kuchepa kwa mawu, osati kusowa kwake. Mukapanda kumva kanthu, pitirizani.

Pa besi yopanda batire, muyeso umodzi umakuuzani zambiri. Lowetsani kebulo mu besi, ikani multimeter poyezera ma ohm, ndipo gwirani mbali ina ya kebuloyo: waya wina wa mita pansonga ya pulagi, wina pathupi lake. Pickup ya besi ya mtundu wa Precision imaonetsa cha m'ma 10k kapena 11k (k ndi ma ohm 1,000). Ya mtundu wa Jazz imodzi imakhala cha m'ma 7k kapena 8k, ndipo zonse ziwiri zikatsegulidwa nambalayo imatsika kufika pafupi ndi theka lake. Manambala enieni amasiyana malinga ndi amene anapanga, koma chofunika ndi ichi: mita ikaonetsa pafupi ndi 0, waya wa mawu wakhudzana ndi ground penapake. Ikaonetsa zilembo zakuti OL m'malo mwa nambala, njira yaduka. Awa ndi matenda awiri osiyana, ngakhale onse amamveka chimodzimodzi ku sipika.

Ngati ndi 0, yang'anani miyendo ya ma pot. Pot ikapotoka pang'ono pomanga nati, mwendo wake umakhudza khoma la mphako ya mawaya, ndipo ngati khomalo linamatidwa tepi ya mkuwa kapena kupakidwa penti yakuda yodutsa magetsi, mawu onse amathera pomwepo. Yang'ananinso katsitsi kamodzi ka waya kamene kanathawa solder n'kukagona pamwendo woyandikana nawo. Kamachepa moti mpaka mufune tochi. Ngati ndi OL, yambirani pa mawaya a pickup yeniyeniyo, yezani, kenako sunthirani pamwendo wa pot, kenako wotsatira, mpaka pamene nambala yasowa. Pamenepo ndi pamene padukira.

Besi ya batire ndiye ili ndi msampha wakewake, ndipo ambiri amakodwa nawo pa jack. Jack ya besi yotere imaoneka ngati wamba koma ili ndi miyendo itatu: tip, ring ndi sleeve. Si kuti besi imatulutsa mawu a stereo ayi. Mwendo wachitatuwo ndi switchi. Waya wakuda wa batire umapita pa ring, ground ya preamp imapita pa sleeve, ndipo mukalowetsa pulagi wamba ya mono, thupi lake lachitsulo limalumikiza ziwirizi, preamp n'kudzuka. Mukazula kebulo, batire lapuma. Ndiye onani zinthu zitatu zimene zimachitika pano.

Wina amasiya jack yakale ya miyendo iwiri n'kusowa pomangirira waya wakuda wa batire, ndiye amangoulumikiza ku ground. Besi imalira bwino, koma preamp sigonanso, ndipo batire limatha besi ili m'chikwama. Wina amagula jack yoyenera koma n'kusokoneza miyendo, mawu n'kuwaika pa ring. Wachitatu amalumikiza zonse molondola, koma kebulo yake ndi ya TRS, ija ya pulagi yokhala ndi mizere iwiri yakuda. Pulagi imeneyo silumikiza ring ndi sleeve, choncho preamp silandira moto ngakhale pang'ono.

Musakhulupirire maonekedwe a miyendo ya jack, chifukwa makampani amaisanja mosiyana. Ikani mita poyezera kulumikizana, pomwe imalira "piii". Popanda pulagi, mwendo umene ukulira ndi khosi lachitsulo la jack ndiwo sleeve. Lowetsani kebulo ya mono, mwendo wolira ndi nsonga ya mbali inayo ndiwo tip. Wotsalawo ndi ring.

Batire nalo liyezeni, ngakhale litachokera m'paketi lero. La 9 V latsopano limaonetsa 9 V ndi kupitirira pang'ono. Liyezeni kawiri: lili palokha, kenako lili mu besi kebulo italowa, chifukwa batire lofooka limatha kunamiza mita likakhala lopanda katundu. Kachipewa kamene batire limalumirako nakonso kali ndi timawaya toonda kwambiri, timene timadukira mkati pulasitiki yakunja ili bwinobwino. Ndipo ngati mukukayika kuti batire likudyedwa besi itazulidwa, ikani mita pa mA pakati pa batire ndi kachipewako, kebulo isanalowe. Iyenera kuonetsa 0.

Kung'ung'udza

Apa ndiye pamene anthu amataya nthawi yambiri, pomwe chala chanu chokha chikhoza kukuuzani komwe kuli vuto. Kung'ung'udzako ndi magetsi a m'nyumba, amene amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi m'mayiko ambiri, ndi 60 m'mayiko ena monga United States. Pickup ndi waya woonda wokulungidwa maulendo masauzande, choncho imatola phokosoli ngati mlongoti wa wailesi.

Kwezani volume, siyani nsambo, mvetserani. Kenako gwirani nsambo.

Phokoso likachepa mukagwira nsambo, ground yanu ili bwino. Thupi lanu ndi limene limatola phokoso n'kulibweretsa pafupi ndi mawaya, ndipo mukagwira nsambo mwadzilumikiza ku ground. Pang'ono pokha ndi chibadwa cha besi zambiri zopanda batire. Likakhala lalikulu, chikusowa ndi chotchinga phokoso m'mphako, monga tepi ya mkuwa.

Mukagwira nsambo osasintha kanthu, koma mukagwira nati ya jack phokoso n'kutha, waya wa ku bridge, chitsulo chogwira nsambo pathupi la besi, ndiwo mwaiwala. Ndi kawaya kamodzi kotuluka pakabowo kakang'ono pakhoma la mphako, kamene mbali inayo kanapanidwa pansi pa bridge. Pochotsa zakale anthu amakadula, ndiye pomanga zatsopano kamatsalira mkati osadziwika ntchito yake. Kawotcherereni kumsana kwa pot pamodzi ndi ma ground ena. Mukatero yezani kuchokera pa nsambo kufika pa nati ya jack, mita iyenera kulira. Ikapanda kulira, kawayako kanamira m'penti pansi pa bridge ndipo sikakukhudza chitsulo. Masulani bridge, katambasuleni tsitsi lake, palani pang'ono pansi pa bridge, n'kumanganso. Pali chimodzi chosiyana: ma pickup a EMG a batire. Malangizo a kampaniyo amati waya wa ku bridge musaulumikize, sufunika.

Mukagwira nsambo phokoso n'kukula, pitani ku jack. Mawaya awiri aja mwawatembenuza, wa mawu uli pa sleeve, wa ground uli pa tip. Zitsulo zonse za besi zasanduka mbali ya mawu, ndiye chala chanu chikulowa mu ampulifaya. Asinthanitseni, nkhani yatha.

Kenako pali kung'ung'udza kumene si vuto konse. Jazz Bass, imene Fender inatulutsa mu 1960, ili ndi ma pickup awiri a koyilo (mkulungo wa waya) imodziimodzi, okulungidwa motsutsana ndipo maginito awo ndi otembenuzana. Onse akakwezedwa mofanana, phokoso la wina limafafaniza la mnzake. Mukatsitsa mmodzi, phokoso limabwerera, ndipo palibe solder imene ingachotse zimenezo. Precision ilibe dandaulo limeneli chifukwa kuyambira 1957 pickup yake inagawidwa pawiri, magawo awiriwo n'kumachita okha zomwezo. Ngati phokoso lanu likusintha mukamatembenuka ndi besi m'chipinda, likulowera mu pickup, osati m'mawaya anu.

Za chotchinga ndinene mwachidule. Tepi ya mkuwa imathandiza pa phokoso lija lakuthwa la "zzzz" lochokera ku mababu, makompyuta ndi machaja, koma pokhapokha zidutswa zonse zitalumikizana ndiponso zitalumikizidwa ku ground. Tepi yongomatidwa popanda ground ndi chokongoletsera chabe, mwinanso imawonjezera phokoso. Yezani ngodya ndi ngodya ndi mita. Pa besi ya mbale yachitsulo ngati ya Jazz, ma pot ambiri amapeza ground kudzera m'mbaleyo, choncho nati imodzi ikakhwefuka phokoso layamba. Mukasamutsira ma pot omwewo pa pulasitiki kapena pathabwa, muyenera kulumikiza misana yawo ndi waya.

Chenjezo limodzi lisakupiteni: ngati nsambo zikukulumani, kapena milomo ikuthetheka mukayandikira maikolofoni mutagwira besi, zimitsani zonse. Batire la 9 V silingachite zimenezo. Vutolo lili mu ampulifaya kapena m'magetsi a nyumbayo, ndipo limapha. Limenelo ndi la katswiri wa zamagetsi.

Mawu alipo koma aonda

Pickup iliyonse payokha ikumveka bwino, koma mukaziphatikiza mawu akuya amathawa, n'kutsala kamawu ka m'mphuno. Ma pickup anu akukokerana uku ndi uku: wina akamakankha, mnzake akukoka. Mankhwala ake ndi kutembenuza mawaya awiri a koyilo pa pickup imodzi yokha. Waya wamaliseche wopanda chovala, kapena ukonde wokuta mawayawo, usiyeni pa ground pomwepo.

Izi zimachitika kwambiri mukasakaniza ma pickup a makampani osiyana, chifukwa mitundu ya mawaya siigwirizana. Pa humbucker (pickup ya makoyilo awiri) ya mawaya anayi ya Seymour Duncan, wakuda ndiwo wa mawu, wobiriwira ndi ground, wofiira ndi woyera amamangidwa pamodzi. Kwa DiMarzio wofiira ndiwo wa mawu, wobiriwira ndi ground, wakuda ndi woyera ndiwo amamangidwa pamodzi. Munthu wotsatira chithunzi cha kampani ina pa pickup ya kampani ina amatha kutsala ndi koyilo imodzi yokha ikugwira ntchito, kapena ziwiri zikulimbana. Safunsa anadya phula: pezani chithunzi cha kampani imene inapanga pickup yanuyo.

Ma pot osamvera

Knob ikamakweza mawu mukamaipotokolera kumanzere, mwasinthanitsa miyendo iwiri yam'mbali. Wapakati musaukhudze.

Volume imene mawu ake onse aunjikana kachigawo kamodzi, kwina konseko osasintha kanthu, nthawi zambiri ndi nkhani ya mtundu wa pot. Pamsana kapena pambali pake pamalembedwa A250K kapena B250K. Pa ma pot ambiri a masiku ano A ndi audio, B ndi linear. Khutu la munthu silimva kukwera kwa mawu molingana ndi manambala, n'chifukwa chake A imamveka yosalala pa volume ya besi ya pickup imodzi ndiponso pa tone. Ma pot a bass, mid ndi treble a preamp ndi nkhani ina: gwiritsani amene anabwera nayo, kapena a nambala ndi mtundu womwewo, chifukwa ndi mbali ya makonzedwe ake.

Nambalayo nayo ndi yofunika. Ma pickup wamba amafuna 250k, ma humbucker ambiri 500k kuti mawu akuthwa asafe. Ma pickup a EMG a batire amafuna 25k. Mukaika 25k pa pickup wamba, mawu amakhala ofooka ndi obanika ngati sipika yafunditsidwa bulangete. Mukasiya 250k pa EMG, volume imakhala ngati switchi, kuyaka ndi kuzima basi. Pa tone ya besi yopanda batire, capacitor (kachipangizo kochotsa mawu akuthwa) yofala ndi ya 0.047 µF, ndipo ya 0.1 µF imadetsa mawu kwambiri mukatseka. Tone yosachita kanthu ndiye kuti mwendo wa capacitor sunafike ku ground. Tone imene ikuzimitsa mawu ngati volume ndiye kuti capacitor yadumphidwa, miyendo yake yakhudzana kapena yapsa ndi moto wa chitsulo.

Pali kena kamene kamasokoneza ngakhale anthu odziwa. Pa besi ya volume imodzi, pickup imalowera pamwendo wam'mbali, mawu n'kutulukira pa wapakati. Pa besi ya ma volume awiri ndi tone imodzi, monga Jazz, n'zotembenuza: pickup iliyonse imalowera pa wapakati. Mukalumikiza mwa njira yoyambayo, mukatseka volume imodzi besi yonse imazima, chifukwa pot imeneyo yakokera mawu a onse ku ground. Ndipo ngati munachotsa ma volume awiri n'kuika blend, koma pakati pake mawu akugwa, onani ngati pot yanu ndi ya mtundu wa MN. Imeneyo ndi imene imapereka ma pickup onse athunthu ikaima pakati.

Mawu osweka

Preamp yatsopano ikamamveka "phwa phwa" mukamenya nsambo yaikulu mwamphamvu, wokayikiridwa woyamba ndi batire. Likatsika kufika cha m'ma 7 V, ma preamp ambiri amayamba kusweka mawu asanaferetu. Batire likakhala labwino, mwina ampulifaya ndi imene ikukhuta: preamp yokweza bass mpaka kumapeto imatulutsa mphamvu yoposa ya besi wamba, ndiye lowetsani pa khomo lolembedwa active, kapena tsitsani gain. Ma preamp ena ali ndi kapot kakang'ono pathupi pake kochepetsera mphamvu yotuluka. Onaninso ngati pickup sinakwere mpaka nsambo kuimenya.

Mabatire awiri opereka 18 V amapatsa preamp mpata wokwanira kuti mawu aakulu asasweke, ndipo ena monga Aguilar OBP-3 anapangidwa kuti alandire 9 V kapena 18 V. Koma si onse. Werengani pepala lake musanayese, ndipo onetsetsani kuti wofiira ndi wakuda sanatembenuke, chifukwa apa ndi pamene preamp yatsopano ingafedi m'manja mwanu.

Zosalowa m'mabowo

Ma pot a ku America monga CTS ali ndi khosi la 3/8 inchi, pafupifupi 9.5 mm, pomwe besi zambiri za ku Asia zinabowoledwa 7 mm kapena 8 mm. Musakulitse bowo ndi dirilo yaikulu mwachangu, penti imang'aluka. Gwiritsani reamer ya pamanja (chitsulo chokulitsira bowo) kapena tupa yozungulira, kuchokera kunja, pang'onopang'ono. Ngati ma pot amadutsa m'thabwa lenileni osati pa pulasitiki, yezani kukhuthala kwake musanagule, mwina mufunika a khosi lalitali. Ma knob nawo ali ndi miyeso yawo: mtengo wa pot umene knob imalowapo, ukakhala wogawika pakati, uli ndi mano 18 kapena 24, ndipo wosalala wa 6.35 mm umafuna knob ya kasikuluu kam'mbali. Knob yokana musaikhome, mudzakankhira mtengowo mkati n'kupha pot.

Ikulira, kenako yaleka, kenako yalira

Ili ndi vuto la solder, ndipo ndi limene limanditopetsa kuposa onse chifukwa limabisala. Malo owotcherera bwino amakhala osalala, solder itayenderera n'kukumbatira waya ndi mwendo. Oipa amakhala chibulumwa chokhala pamwamba ngati dontho la madzi patsamba. Chimachititsa ndi kusungunulira solder pansonga ya chitsulo n'kuidonthezera. Tenthetsani mwendo ndi waya, solder isungunukire pa izo. Ya 60/40 imasungunuka cha m'ma 190 °C, yopanda mtovu imafuna kupitirira 215 °C ndipo imaoneka yotuwa ngakhale itagwira bwino, ndiye musaiweruze ndi kuwala kokha. Gwiritsani ya rosin yopangira zamagetsi. Ya asidi ya mapaipi imadya mawaya.

Msana wa pot ndiye malo ovuta. Chitsulo chofooka chimakukakamizani kukhalitsa pamenepo, kutentha n'kulowerera mpaka kuwononga kanjira ka mkati, ndipo pot yatsopano imayamba kuthetheka tsiku lomwelo. Chitsulo cha 40 W cha nsonga yotakata chimamaliza m'masekondi ochepa. Palani kaye msanawo ndi sandipepala mpaka uwale, ikanipo solder, ikaninso pa waya, kenako zikumanitseni.

Kuti mupeze malo obisalawo, siyani besi ili ku ampulifaya, mawu otsika, ndipo tosani waya uliwonse ndi kamtengo kouma. Pamene pathetheke ndi pomwepo. Gwedezaninso pulagi mu jack. Jack ya chitsulo chotseguka mukhoza kuipinda lilime lake pang'ono kuti ligwire zolimba, koma ya mtundu wa chubu yotsekeka sikonzeka, ikayamba kutaya mawu isintheni.

Ndiye pali besi ija imene imalira bwino ili yotsegula, mukangomanga chivundikiro yazima. Chivundikirocho chili ndi pepala lachitsulo mkati, ndipo chikutsamira pamwendo wa pot kapena pa waya wosavala. Mwinanso batire, limene khungu lake ndi chitsulo, likugubuduzika n'kukhudza miyendo. Kapena pulagi ikalowa imakankha lilime la jack mpaka kukhudza khoma la mkuwa, mwakuti muyenera kuizungulitsa jack pang'ono kapena kumata tepi yakuda pakhomapo. Valikani heat shrink, kachubu kofinyika kakatenthedwa, pa mfundo iliyonse ya waya, kulungani batire m'kasiponji, pindani mawaya otsala kuti asapanidwe. Pomanga chivundikiro, besi ikhale ili ku ampulifaya, nsambo imodzi ikulira, ndipo mangani masikuluu limodzilimodzi. Mawu akazima, sikuluu imene mwangoimangayo yakulozerani ngodya yoyenera kuyang'ana.